Chithunzi cha Mumlengalenga Chikakana Kugwirizana ndi Mapu

Masiku ano si zachilendo kuona mamembala a komiti ya chitukuko atazungulira kompyuta, aliyense akuloza denga la nyumba yake pachithunzi chojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Zithunzi zoterezi zimajambulidwa ndi ndege, setilaiti, kapena kandege kopanda munthu m'kati kamene timakatchula kuti droni. Mu 2017 Boma la Malawi pamodzi ndi UNICEF anakhazikitsa dera loyeseramo madroni ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe kuti iziphunzitsa achinyamata kuulutsa madroni ndi kukonza zimene ajambula. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, zithunzi za mumlengalenga zinathandiza kuona kumene madzi ndi matope anadutsa.

Chithunzi chikajambulidwa, ntchito yake imakhala itangoyamba kumene. Chimayenera kulowa m'mapulogalamu a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wokonzera mapu, monga QGIS, imene ndi yaulere, ndi ArcGIS. Mtundu wachiwiri ndi wojambulira mapulani a zomangamanga, monga AutoCAD, imene mainjiniya amagwiritsa ntchito pojambula misewu, milatho, ngalande ndi midadada ya sukulu. Apa m'pamene pamabuka mavuto: nthawi zina chithunzi chimakana kutseguka, nthawi zina chimaoneka chakuda, ndipo nthawi zina chimatseguka bwinobwino koma chitakhala pamalo olakwika.

Wina akhoza kufunsa kuti nkhaniyi ikukhudza bwanji mlimi kapena wogulitsa pamsika. Yankho n'lakuti pamapu amenewa m'pamene pamasankhidwa malo a mjigo, njira ya msewu, malire a msika, ndiponso malo osamutsirako mabanja amene amavutika ndi kusefukira kwa madzi. Chithunzi chikasuntha, malire a bwalo la sukulu akhoza kugwera m'munda wa munthu wosalakwa, ndipo mlandu wake ukhoza kutenga zaka. Phunziro lino lakonzedwera alembi a makomiti, achinyamata odziwa kompyuta amene amathandiza m'mawodi, komanso aliyense amene amaitanidwa kudzaona mapu asanavomerezedwe.

Chithunzi ndi keyala yake

Mfundo yaikulu ya phunziro lino ndi iyi: chithunzi cha mapu chili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi imene maso amaona, yopangidwa ndi timadontho tambirimbiri tamitundu. Mbali yachiwiri ndi keyala yake, ndiye kuti nambala zouza kompyuta kuti chithunzicho chikhale pati padziko lapansi, ndiponso kuti kadontho kalikonse kakuimira malo aakulu bwanji. Kalata yopanda keyala siifika kwa mwini wake ngakhale italembedwa mwaluso. Mavuto ambiri amene tikambirane amayamba pamene mbali ziwirizi zalekana, kapena pamene pulogalamu yawerenga keyala molakwika.

Keyala imasungidwa m'njira ziwiri. Mtundu wa fayilo wotchedwa GeoTIFF, umene dzina lake limathera ndi .tif, umasunga keyala m'kati mwa chithunzi momwemo. Mitundu ina, monga JPEG ndi PNG, imayenda ndi kafayilo kena kapambali. Ka chithunzi cha .jpg kamathera ndi .jgw, ka .png kamathera ndi .pgw, ndipo ka .tif wamba kamathera ndi .tfw. Kafayiloka kali ndi mizere 6 yokha ya nambala: kukula kwa kadontho, kupendekeka kwa chithunzi, ndi malo a kadontho ka pangodya ya kumtunda chakumanzere. Kayenera kukhala m'foda imodzi ndi chithunzi, ndipo dzina lake likhale lofanana ndendende ndi la chithunzicho. Mukasintha dzina la chithunzi kukhala msika.jpg, kafayiloko kasinthidwenso kukhala msika.jgw. Ambiri amakafufuta poganiza kuti n'kopanda ntchito chifukwa n'kakang'ono, osadziwa kuti ataya keyala.

Tidziwenso kuti chithunzi chimodzi chongochokera mu droni si mapu ayi. Droni imajambula zithunzi mazanamazana zolowana m'mphepete, ndipo chilichonse chimangosunga malo amene kamera inali. Zithunzizo zimayenera kulumikizidwa ndi kuwongoledwa ndi mapulogalamu monga WebODM, Pix4D kapena Metashape kuti zipange chithunzi chimodzi choyezeka. Chimodzimodzinso chithunzi chimene munthu wajambula pa sikirini ya Google Earth: chimathandiza kuzindikira malo, koma chilibe keyala, choncho sichingadzipezere chokha malo ake pamapu.

Vuto loyamba: chithunzi chikukana kutseguka

Choyamba, yerekezani kukula kwa fayilo imene mwalandira ndi kukula kwa imene inatumizidwa. Intaneti ikaduka kapena magetsi akazima fayilo ili m'njira, imafika yosakwanira ngakhale dzina lake likuoneka. Zikasiyana, palibe chokonza koma kuitenganso.

Chachiwiri, ganizirani za kukula kwake. Ngati kadontho kalikonse kakuimira masentimita 5, dera la kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi limafuna timadontho 20,000 mbali iliyonse. Tonse pamodzi ndi timadontho 400 miliyoni, ndipo chithunzi chamitundu chosapanikizidwa chimafika pafupifupi 1.2 GB. Wodi yonse ndiye kuti ndi katundu wolemera ndithu. Fayilo ya TIFF yamtundu wakale siingapitirire 4 GB. Yoposa apo imasungidwa ngati BigTIFF, imene dzina lake limatheranso ndi .tif, koma mapulogalamu ena akale saidziwa. Fulashi yokonzedwa m'njira ya FAT32 nayonso siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Njira yabwino ndi kudula chithunzi mu QGIS n'kutenga dera lokhalo limene ntchito ikufuna, kapena kukulitsa kadontho. Pokonza njira ya msewu wa m'mudzi, kadontho ka masentimita 20 kamakwanira, ndipo fayilo imachepa maulendo 16.

Chachitatu, onani mtundu wa fayilo. Mitundu ya ECW ndi MrSID, yothera ndi .ecw ndi .sid, imapanikiza zithunzi zikuluzikulu kuti zichepe, koma ili ndi eni ake, ndipo si kompyuta iliyonse imene ili ndi zida zoiwerengera. JPEG 2000, yothera ndi .jp2, nayonso imavuta m'mapulogalamu ena. Pemphani amene anakupatsani chithunzicho kuti achisinthe kukhala GeoTIFF. Kungosintha zilembo za kumapeto kwa dzina sikusintha fayilo, monga momwe kulemba mawu akuti ufa pathumba la madeya sikusandutsa madeyawo.

Ngati chithunzi chatseguka koma kompyuta ikuchedwa kwambiri mukamachisuntha, pangani timakope take tochepa timene QGIS imatitchula kuti overviews kapena pyramids. Kawirikawiri timasungidwa m'fayilo yothera ndi .ovr, ndipo timathandiza kuti kompyuta isamawerenge timadontho tonse nthawi iliyonse.

Vuto lachiwiri: chatseguka koma sichikuoneka bwino

Chithunzi chikaoneka chakuda bii, sikuti nthawi zonse chawonongeka. Zithunzi wamba zimasunga kuwala m'magawo 256, koma zambiri za setilaiti zimasunga m'magawo 65,536. Akatswiri amati zoyambazo ndi za 8-bit ndipo zinazo ndi za 16-bit. Pulogalamu yosazolowera mtundu wachiwiriwu imaonetsa mdima wokhawokha. Mu QGIS munthu akhoza kukonza kaonekedwe ka kuwala, kenaka n'kutulutsa kope la 8-bit loti lipite kwa wojambula mapulani.

Nthawi zina mitengo ndi minda zimaoneka zofiira. Chifukwa chake n'chakuti chithunzi chamitundu chimapangidwa ndi zigawo zitatu zosanjikizana, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu, koma makamera ena amawonjezera chigawo cha kuwala kumene maso athu saona, kumene masamba athanzi amakubweza kwambiri. Pulogalamu ikasokoneza ndondomeko ya zigawozi, mitundu imasintha. Kukonza kwake ndi kuiuza chigawo choyenera mtundu uliwonse.

Palinso mkombero wakuda kapena woyera umene umazungulira chithunzi cha droni n'kuphimba mapu a pansi pake. Amenewo ndi malo amene droni sinajambule. Uzani pulogalamu kuti mtundu umenewo ndi wopanda kanthu, ndipo mkomberowo udzazimirira.

Vuto lachitatu: chagwera kutali

Pano tiyenera kudziwa pang'ono za kawerengedwe ka malo. Njira yoyamba ndi ya madigiri, imene mafoni ndi Google Earth amaonetsa kawirikawiri. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 18 kummwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndiponso pakati pa madigiri 32 ndi 36 kuvuma. Njira yachiwiri ndi ya mamita, yotchedwa UTM, imene inagawa dziko lapansi m'zigawo 60. Dziko lathu lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, lili m'chigawo chimodzi, cha 36 kummwera, chimene chimalembedwa 36S.

Izi zikutipatsa muyeso wosavuta. Malo aliwonse m'Malawi, powerenga m'mamita, ali ndi nambala ziwiri. Yoyamba ili ndi manambala 6 ndipo imakhala pakati pa 460,000 ndi 820,000. Yachiwiri ili ndi manambala 7 ndipo imayamba ndi 8. Mzinda wa Lilongwe, mwachitsanzo, uli cha pa 584,000 ndi 8,454,000. Mukaika kalozera wa mbewa pachithunzi n'kuona nambala zosiyana kwambiri ndi izi, dziwani kuti china chake chalakwika, ndipo kumene chithunzi chagwera kumaulula chimene chalakwikacho.

Chikagwera pafupi ndi 0 ndi 0, ndiye kuti keyala yasowa. Funani kafayilo kapambali kaja. Chikaoneka ngati kadontho kakang'ono pafupi ndi nambala monga 34 ndi -14, ndiye kuti pulogalamu yawerenga madigiri ngati mamita. Chikapezeka m'nyanja yozizira kumpoto kwa Norway ndi Russia, wina wasankha 36N m'malo mwa 36S. Chikapezeka m'nyanja ya Atlantic kuzambwe kwa Morocco, nambala ziwiri za madigiri zasinthana malo.

Kuti pasakhale chisokonezo, dongosolo lililonse la kawerengedwe linapatsidwa nambala yake yotchedwa EPSG. Zofunika kwa ife ndi zitatu: 4326 ndi ya madigiri a WGS 84, 32736 ndi ya mamita a WGS 84 m'chigawo cha 36S, ndipo 20936 ndi ya mamita a Arc 1950 m'chigawo chomwecho. Dziwaninso kuti mizere 6 ya kafayilo kapambali siinena dongosolo limene nambala zake zikutsata. Mawu amenewo amakhala m'fayilo ina yothera ndi .prj kapena .aux.xml, ndipo ikasowa, muyenera kufunsa amene anakonza chithunzicho.

Vuto lachinayi: chasuntha pang'ono

Ili ndiye vuto loopsa kuposa onse, chifukwa silidzionetsa. Chithunzi chimene chagwera ku Norway aliyense amachiona kuti chalakwika. Chimene chasuntha pang'ono chimaoneka chabwino, ndipo akale anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mapu akale a Dipatimenti Yoyeza Malo, pamodzi ndi miyeso yambiri ya ziikizo za malire zakale, anatsata dongosolo la Arc 1950. Zida za GPS, mafoni ndi madroni zimatsata WGS 84. Madongosolo awiriwa amayeza maonekedwe a dziko lapansi mosiyana pang'ono, choncho malo amodzi omwewo amakhala ndi nambala ziwiri zosiyana. M'dziko muno kusiyanako ndi pafupifupi mamita 300, makamaka molunjika kumpoto ndi kummwera. Umenewu ndi mtunda wa mabwalo a mpira atatu ondondozana.

Tiyerekeze kuti pulani ya malo a sukulu inayezedwa kale m'dongosolo la Arc 1950, ndipo chaka chino droni yajambula dera lomwelo m'dongosolo la WGS 84. Wogwira kompyuta akasanjikiza ziwirizi osauza pulogalamu za kusiyanaku, malire a sukulu adzaoneka akudutsa m'nyumba ndi m'minda ya anthu amene sanalowerere malo a sukulu ngakhale phazi limodzi. Chizindikiro cha vutoli n'chakuti zinthu zonse zimasuntha mofanana ndiponso molunjika mbali imodzi: msewu, mtsinje ndi mlatho, zonse zimaphonya ndi mtunda wofanana.

Pokonza, tisiyanitse ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuuza pulogalamu dongosolo lenileni limene fayilo inabadwa nalo, ndipo mu QGIS imatchedwa Assign Projection. Ntchito imeneyi siisintha nambala za m'fayilo. Yachiwiri ndi kusamutsira fayilo m'dongosolo lina, yotchedwa Warp kapena Reproject, ndipo imawerengetsanso nambala zonse. Yambani ndi yoyamba, kenaka yachiwiri. Amene amathamangira yachiwiri fayilo ili ndi dzina la dongosolo lolakwika amakhomerera cholakwacho m'fayilo yatsopano.

Ngati keyala yatayikiratu, QGIS ili ndi chida chotchedwa Georeferencer. Munthu amasankha malo ooneka bwino pachithunzi amene nambala zake zikudziwika, monga mphambano, ngodya ya mlatho kapena ya maziko a nyumba. Ndi bwino kusankha malo ochuluka, omwazikana m'ngodya zonse ndi pakati. Pewani nsonga za mitengo ndi madenga aatali, chifukwa pachithunzi zimapendekera kumbali.

Chithunzi chikafika kwa wojambula mapulani

AutoCAD ili ndi khalidwe lakelake. Lamulo lake la IMAGEATTACH limalowetsa chithunzi osawerenga keyala, n'kumufunsa munthu malo ochiika ndi kukula kwake. AutoCAD Map 3D ndi Civil 3D zili ndi lamulo la MAPIINSERT limene limawerenga keyala n'kuika chithunzi pamalo ake. Amene ali ndi AutoCAD wamba akhoza kuchiika ndi manja potsata nambala za m'kafayilo kapambali, kapena kuchigwirizanitsa ndi malo odziwika pogwiritsa ntchito lamulo la ALIGN. Pulogalamuyi siisamutsa chithunzi kuchoka m'dongosolo lina kupita m'lina, choncho chipite kwa injiniya chitakonzedwa kale m'mamita, osati m'madigiri.

Onaninso muyeso wa pulani. Ojambula nyumba ambiri amagwiritsa ntchito mamilimita, pamene mapu amatsata mamita. Zikasakanikirana, chithunzi chimachepa kapena kukula maulendo 1,000.

Pomaliza, fayilo ya pulani, yothera ndi .dwg, siimeza chithunzi. Imangosunga njira yopita kumene chithunzicho chili. Mukatumiza pulani yokha, wolandira amaona mkombero wopanda kanthu ndi dzina la fayilo yosowa. Ikani pulani, chithunzi ndi timafayilo take m'foda imodzi, kapena gwiritsani ntchito lamulo la ETRANSMIT limene limasonkhanitsa zonse pamodzi.

Udindo wa anthu a m'wodi

Wodi ikalandira zithunzi kuchokera ku bungwe kapena kwa kontilakitala, mlembi afunse mafunso anayi ndi kulemba mayankho m'buku la komiti: chinajambulidwa liti, anajambula ndani, kadontho kakuimira masentimita angati, ndipo nambala ya EPSG ndi iti. Tsiku n'lofunika chifukwa mtsinje umasintha njira, ndipo chithunzi chojambulidwa chigumula chisanachitike sichingasonyeze pamene mtsinje uli lero.

Sungani foda yoyambirira osaikhudza, ndipo muzigwira ntchito pa kope lake. Musatumize chithunzi cha mapu pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, pakuti chimapanikizidwa n'kutaya keyala. Mangani foda yonse kukhala fayilo imodzi ya .zip n'kuitumiza ngati chikalata, kapena inyamuleni pa fulashi.

Koposa zonse, yesani mapu ndi mapazi. Musanavomereze pulani, sankhani malo atatu odziwika kwa aliyense, monga mjigo, mlatho ndi ngodya ya tchalitchi kapena mzikiti, ndipo pemphani wogwira kompyuta akuonetseni pamene agwera pachithunzi ndi papulani. Kenaka pitani komweko ndi foni. GPS ya foni imaphonya ndi mamita ochepa, choncho siingakhazikitse malire, koma kusiyana kwa mamita 300 siingakuphonye. Pantchito imeneyi nkhalamba imene ikudziwa pamene panali mtengo wa malire ndi yofunika mofanana ndi mnyamata wodziwa QGIS.

Tikumbukirenso kuti chithunzi ndi umboni wothandiza chabe. Lamulo la malo a makolo la 2016 linapereka ntchito yoyang'anira malo otere kwa makomiti a malo a m'dera la gulupu, ndipo malire amatsimikizidwa pamalo pomwepo, eni malo ndi oyandikana nawo alipo. Mukaona kuti mapu akutsutsana ndi zimene zili pansi, musasaine ndipo musayambe mkangano ndi mnansi wanu. Dziwitsani khansala wa wodi yanu, ndipo nkhaniyo ipite ku ofesi ya malo kapena ya mapulani ndi chitukuko ku khonsolo kuti akatswiri aonenso keyala ya chithunzicho.

Mafunso okambirana m'komiti

1. Mwalandira fayilo yotchedwa dambo.jpg ndi ina yotchedwa dambo.jgw. Mnzanu akufuna kufufuta yachiwiriyo. Mumuuza chiyani?

2. Kalozera wa mbewa akuonetsa nambala 35 ndi -15. Kodi chithunzichi chikuwerengedwa m'madigiri kapena m'mamita?

3. Msewu, mtsinje ndi mlatho zonse zaphonya ndi mtunda wofanana molunjika mbali imodzi. Vuto likhoza kukhala chiyani, ndipo mufunsa funso lanji kwa amene anakonza mapu?

4. Tchulani malo atatu m'wodi yanu amene angagwiritsidwe ntchito poyesa mapu, ndipo sankhani anthu amene adzapite kukawaona pulani yotsatira ikabwera.